Losango ndi mizere yake iwiri ya m'kati

Ana ambiri akaona losango itagonekedwa pa mbali imodzi amasowa dzina loitchula, chifukwa anazolowera kuiona itaima pa nsonga. Mwana wotere akhoza kuloweza lamulo la D × d : 2, koma n'kulephera funso chithunzi chikangotembenuzidwa. Chomuthandiza ndi kudziwa bwino mizere iwiri ya m'kati mwa losango, chifukwa makhalidwe a mizereyi sasintha ngakhale pepala litazunguliridwa.

Losango ndi chithunzi cha mbali zinayi zotalika mofanana. Ngodya zake zoyang'anizana zimakhalanso zofanana. Mzere wochoka pa ngodya imodzi kukafika pa ngodya yoyang'anizana nayo umatchedwa diagonal m'Chipwitikizi, ndipo losango ili ndi mizere iwiri yotereyi. Mizereyi imakumana pakati penipeni pa uliwonse, imapingasana mopanga ngodya ya 90°, ndipo uliwonse umagawa pakati ngodya ziwiri zimene ukulumikiza.

Ana akhoza kuziona okha zimenezi. Mphunzitsi atenge timitengo tiwiri towongoka, kena ka 8 cm, kena ka 6 cm. Atipingase pakati penipeni, aonetsetse ndi ngodya ya buku kuti tapanga 90°, kenaka atimange ndi ulusi. Ulusi wina auzungulize ku nsonga zonse zinayi. Ana akayeza ndi rula apeza kuti mbali iliyonse ndi 5 cm, ndipo kuzungulira konse ndi 20 cm.

Kenaka asinthe chinthu chimodzi chokha. Kamtengo kamodzi kakasunthidwa kuti kasadutse pakati pa kanzake, mbali ziwiri zimatalika kuposa zina ndipo losango yatha. Timitengo tikakhala totalika mofanana, pamatuluka quadrado. Apa ana amaona kuti quadrado iliyonse ndi losango, koma si losango iliyonse imene ili quadrado.

Timitengo tomweti timafotokozanso lamulo lopezera kukula kwa malo a m'kati, kumene m'Chipwitikizi amati área. Ana ajambule losango ija pa pepala, kenaka ajambule rectângulo ya 8 cm ndi 6 cm yokhudza nsonga zake zonse zinayi. Malo a rectânguloyo ndi 48 cm². Akadula tizidutswa tinayi totsala m'makona n'kutiika pamwamba pa losango, timaiphimba ndendende. Choncho losango ndi theka la rectângulo: 8 × 6 : 2 = 24 cm². Kugawa ndi 2 kuja kumachokera pamenepa.

Ana ena amachulukitsa mbali ndi mbali, 5 × 5, n'kupeza 25 cm². Yankholi ndi la quadrado ya mbali za 5 cm. Losango ya mbali zomwezo ikamaphwatalala, malo ake amacheperachepera ngakhale kuzungulira kwake kukadali 20 cm.

M'kalasi ya zilankhulo ziwiri, ana ayambe afotokoza m'Chinyanja zimene aona: mizere yakumana pakati, yapingasana bwino, wina ndi wautali. Mawu akuti diagonal maior ndi diagonal menor abwere pambuyo pake, mphunzitsi akuloza kamtengo kakatali ndi kakafupi. Pomaliza ajambule losango zitatu zotembenuzidwa mosiyanasiyana, awafunse ana kuti asonyeze mizere iwiri ija pa iliyonse.