Chitopa sichimva makapisozi

Tsiku lina m'nyengo yotentha mayi wina wa ku Chiputula, kuno ku Mzuzu, anandiimitsa panjira. "Alangizi, tabwerani mudzaone, nkhuku zanga zavala jekete."

Ndinapeza nkhuku zitagwetsa mapiko pansi, zikuwodzera, zina zikupuma mobanika kukamwa kuli yasa. Zitosi zinali zamadzi, zobiriwira. Tambala anali atapinda khosi, akungozungulira malo amodzi. Sindinachite kufunsa, chinali chitopa, chimene ena amati chideru. Chomwe ndinafunsa ndi chakuti, "Amama, mwagulako nkhuku yachilendo masiku ano?" Anavomera kuti sabata yapitayo anagula thadzi lotchipa kwa munthu wa njinga pafupi ndi msika.

Mayiwa anali atasungunula kale makapisozi a anthu ndi tsabola m'madzi a nkhukuzo. Alimi anzanga, apa ndi pamene ndalama zathu zimatayikira. Makapisozi amapha tizirombo ta mtundu wa bakiteriya. Chitopa chimadza ndi vairasi, kachirombo ka mtundu wina kamene makapisozi sakakhudza nkomwe, ndipo kufikira lero palibe mankhwala ochiza nthendayi.

Kachiromboka kamalowa pamphuno, m'maso kapena pakamwa kudzera m'mamina, m'zitosi ndi m'madzi akumwa. Kamatha masiku 2 mpaka 15 kakuswana, nkhuku ikuoneka ya bwinobwino, ndiye chifukwa chake wogula amapusitsika. Kenaka kamayenda ndi magazi. Kakafika m'njira ya mpweya nkhuku imabanika, m'matumbo kamachita zilonda, ndipo kakakwera ku ubongo ndi pamene khosi limapindika. Pamene nkhuku sizinatemeredwe, khola lonse litha kupululuka m'masiku owerengeka.

Nthendayi si ya kuno kokha ayi. Inadziwika koyamba m'chaka cha 1926 pa chilumba cha Java ndi ku Newcastle, m'dziko la England, kumene dzina lake la Chingerezi linachokera.

Chida chathu ndi katemera. Wa I-2, amene anayambira ku Australia ndipo amapangidwa ku labotale ya zaziweto ku Lilongwe, amapirirako kutentha, kotero mlangizi atha kuyenda naye m'midzi atamukulunga m'kansalu konyowa. Ndi kadontho kamodzi m'diso, kwa mwanapiye ndi tambala yemwe, miyezi 4 iliyonse. Kadonthoka kamaphunzitsa thupi kuzindikira mdani, koma thupi limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti likonzeke. Tsono kutemera nkhuku zitayamba kale kufa n'kungovuta wa katemera, yemwe mawa adzanenedwa kuti ndiye wazipha.

Chomwe chimandiwawa ine ndi chizolowezi chothamangira nazo ku msika nkhuku zikangoyamba kuwodzera. Ndikumvetsa, munthu akufuna kupulumutsako kangachepe. Koma dengu limodzi lotero likhoza kumwaza nthenda kuchoka ku Ekwendeni mpaka ku Luwinga ndi ku Zolozolo tsiku limodzi. Nkhuku yogula muziyamba mwaitsekera payokha sabata ziwiri. Yakufa ikwirireni mozama kapena itentheni, nthenga ndi matumbo omwe, agalu asakokere kwa aneba.

Mayi aja anatsala ndi nkhuku 3. Tinatentha zinyalala za m'khola, ndipo ndinawauza kuti adikire mwezi wathunthu asanagule zina, kenaka akaonane ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lawo kuti awalembe pa ndandanda wa katemera.