Khalidwe la wapolisi limachokera kwa mphunzitsi wake

Ndikaona wapolisi akulankhula mwaulemu ndi munthu amene wam'gwira, ndimadziwa kuti adadutsa m'manja mwa mphunzitsi wabwino. Apolisi athu ambiri amasulidwa kusukulu za ku Kanjedza mu Limbe ndi ku Mtakataka m'boma la Dedza. Kumeneko amaphunzira perete, kagwiridwe ka mfuti, malamulo ndi kalembedwe ka sitetimenti.

Koma chimene chimakhazikika kwambiri mumtima ndi khalidwe la mphunzitsiyo. Akamalanga ndi mbama ndi chipongwe, wophunzira amatuluka akuganiza kuti nkhanza ndiyo ntchito, ndipo mawa adzachita zomwezo kwa woganiziridwa mlandu m'chitokosi. Akamafotokoza chifukwa chimene Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limanenera kuti womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, wophunzira adzasunga lamuloli ngakhale bwana wake asakumuona.

Lamulo la apolisi la 2010 lidatsegula njira yokhazikitsira bungwe loima palokha lolandira madandaulo a anthu, koma bungwelo limalowererapo zinthu zitalakwika kale. M'mera mpoyamba. N'chifukwa chake ndimati boma lizisankha aphunzitsi a apolisi mosamala kwambiri, n'kumawalipira bwino.