Mkodzo wa maola 24 ndi khansa ya multiple myeloma

Multiple myeloma ndi khansa yoyambira m'mafuta a m'mafupa, m'maselo omwe ntchito yawo ndi kupanga chitetezo cha m'thupi. Maselowa akasokonekera amachulukana, n'kumatulutsa puloteni ya mtundu umodzi yochuluka mopyola muyezo. Tizidutswa ta puloteniyi timadutsa mu impso n'kutuluka ndi mkodzo, ndipo tikachuluka timawononga impsozo. Dokotala wa ku London, Henry Bence Jones, ndiye adafotokoza za puloteni ya mumkodzoyi mu 1847, ndipo imadziwikabe ndi dzina lake.

Mankhwala akamagwira ntchito, maselo oipa amachepa, puloteni mumkodzo nayonso imatsika. N'chifukwa chake wodwala wa ku Chowe yemwe watumizidwa kuchoka ku chipatala cha boma cha Mangochi kupita ku chipatala chachikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, angapemphedwe kusunga mkodzo wa tsiku lathunthu kuti puloteniyo iyezedwe.

Kasungidwe kake ndi kosavuta koma n'kofuna chidwi. Mkodzo woyamba wam'mawa umatayidwa, nthawi n'kulembedwa. Kuyambira pamenepo mkodzo wonse, usana ndi usiku, umathiridwa m'chigubu choyera mpaka nthawi yomweyo mawa lake. Kuphonya kamodzi kokha kumatsitsa zotsatira, matenda n'kuoneka ngati akuchepa pomwe akadalipo. Kutentha kwa ku Mangochi kumawononga mkodzo msanga, choncho chigubucho chizikhala pamalo ozizira, chotsekedwa bwino.

Bungwe la International Myeloma Working Group lidaika miyezo yomwe madokotala amatsata. Puloteni ya mumkodzo ikatsika ndi 90 peresenti, kapena kufika pansi pa mamiligalamu 200 pa maola 24, komanso ya m'magazi ikatsika ndi theka, ndiye kuti mankhwala ayamba kugwira. Ikasowa m'magazi ndi mumkodzo momwe, maselo oipa m'mafupa n'kukhala ochepera 5 peresenti, matenda agonja, ngakhale kaŵirikaŵiri amabwerera.

Kapepala koviika mumkodzo, kofala m'zipatala zing'onozing'ono, sikathandiza apa chifukwa kamaona puloteni ina, albumin, n'kuphonya ya Bence Jones. Likodzo, lofala m'mbali mwa Nyanja ya Malaŵi ndi Malombe, limaikanso magazi ndi puloteni mumkodzo. Wodwala amene adadwalapo likodzo ayenera kuwauza adokotala asanapereke chigubu chake ku labotale.