Kasefa Kobisika Pansi pa Galimoto

Masiku ano m'misewu ya ku Dowa ndi ku Ntchisi mwadzaza galimoto zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan, monga Toyota Sienta, ndipo zambiri mwa izo zimasintha magiya zokha. Mabanja ena anazigula ndi ndalama za fodya kapena soya za zaka zingapo. Eni ake amazitsuka kunja ndi kusintha oyilo wa injini, koma oyilo wa m'giyabokosi amamuiŵala. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Oyilo ameneyu ndiye amakankha magiya ndi kuwaziziritsa, ndipo mdani wake ndi kutentha. Galimoto ikamakwera zitunda za ku Mvera kapena za ku phiri la Ntchisi italemedwa ndi anthu ndi matumba a chimanga, oyiloyo amapsa. Akakhala watsopano kaŵirikaŵiri amaoneka wofiira. Akatha mphamvu amada ndi kununkha ngati chinthu chopserera. Tizinyenyeswa totuluka m'magiya timakodwa m'kasefa kamene kali m'chibeseni cha pansi pa giyabokosi. Kasefako kakatsekeka, galimoto imachedwa kugwira giya, imagwedeza posintha, kenaka imakana kukwera mtunda.

Makaniko wodziŵa ntchito amakhetsa oyilo, namasula chibesenicho, natsuka maginito amene amagwira tizitsulo, naika kasefa ndi gasiketi zatsopano. Mudziŵe kuti pokhetsa chotere oyilo wina amatsalira m'kati, n'chifukwa chake ena amabwereza kukhetsa galimoto itayendako pang'ono. Enanso amawonjezera kasefa kachiŵiri pa paipi yopita ku rediyeta. Chachikulu ndi kuthira oyilo wa mtundu umene buku la galimotoyo latchula. Giyabokosi ya CVT ili ndi oyilo wake. Mukathira wina mwaipha.

Inu anyamata amene makolo akupatsani makiyi, musapachire katundu wopyola muyeso. Pokwera kapena potsika mtunda waukulu ikani giya yotsika, ya L kapena 2 ngati ilipo. Inu makolo, poŵerengera ndalama za zokolola patulaniko za oyilo ndi kasefa, pakuti mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa giyabokosi ina. Galimoto yomweyo ndiyo idzathamangira ndi mayi wapakati ku chipatala cha Dowa usiku wa mvula, ndipo tsiku limenelo isadzaime pakati pa chitunda.