Mamba a pakhungu amandipatsa nkhawa ya mtima

Msodzi wa ku Liwaladzi akafika kuchipatala ndi zigamba zokhuthala m'zigongono, m'mawondo ndi m'mutu, zoyoyoka mamba otuwa, amakhala atamva kale zambiri kugombe. Ena amati ndi khate, ena zipere, ndipo anzake amakana kudya naye mbale imodzi. Nthendayi ndi psoriasis, ndipo sipatsirana. Chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kumathamangitsa khungu, moti khungu lomwe limafuna pafupifupi mwezi kuti likhwime limatuluka m'masiku 3 kapena 4.

Bamboyo amadabwa akaona ine, wa za khungu, ndikuyamba ndi kumuyeza BP. Chifukwa chake n'chakuti kutupa komwe kukuoneka kunja kumayendanso m'magazi n'kumaononga mitsempha ya mtima. Mu 2006, Joel Gelfand ndi anzake adafufuza zolembedwa za odwala a ku Britain, ndipo adapeza kuti munthu wa zaka 30 wodwala psoriasis yaikulu ali pachiopsezo cha kutsekeka kwa mitsempha ya mtima pafupifupi katatu kuposa mnzake wopanda nthendayi.

Magazi amaulula zina. Khungu lokula mothamanga limadya folate wambiri, vitamini wa m'ndiwo zamasamba ndi nyemba. Folate kapena vitamini B12 akachepa, m'magazi mumachuluka homocysteine, yemwe amapezeka wokwera mwa anthu ambiri odwala mtima. Methotrexate, mankhwala omwe timapereka nthenda ikakula, nawo amatsitsa folate, n'chifukwa chake amayenda limodzi ndi folic acid, ndipo mayi woyembekezera sayenera kuwamwa. Koma pano ndimachenjeza: kafukufuku wamkulu wa HOPE-2 ndi NORVIT, wofalitsidwa mu 2006, adaonetsa kuti mapiritsi a mavitamini a B amatsitsadi homocysteine, koma anthu otsekeka mitsempha ya mtima sadachepe. Zimandipweteka kuona munthu akugulitsa usipa wake kuti agule mabotolo a mavitamini pomwe sadayezetsepo shuga.

Kunyanja kuno B12 sasowa, ali mu usipa ndi utaka. Kondoole amakhutitsa koma zomanga thupi alibe zokwanira, choncho nyemba, nkhwani, bonongwe ndi chigwada zisasowe pambale. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, monga limanenera bungwe la WHO, kuwerengera ndi wa mu nsomba zouma womwe.

Kafukufuku wa STEPS wa 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ku Malawi anali ndi BP yokwera. Choncho msodzi uja ndimamupatsa mafuta opaka, komanso ndimayeza BP, shuga ndi chiuno, ndimafunsa za fodya ndi kachasu zomwe asodzi amafundira usiku panyanja. Ngati nthenda yabuka mwadzidzidzi thupi lonse, ndimapempha ayezetsenso HIV asanakwere galimoto yobwerera kwawo pamsewu wa M5.