Kankhani, Ndege Ibwerere M'mbuyo

Iye amene anakhalapo pazenera la ndege pabwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg, akudikira ulendo wobwerera kwawo, angakumbukire kuti chimbalame chachitsulocho, chimene chimang'amba mitambo ngati mphezi, chimayamba ulendo wake chikukankhidwa chamm'mbuyo ndi kathirakitala kakafupi, kolemera ngati thanthwe. Ntchito imeneyi anthu apabwalo amaitcha pushback. Injini zikhoza kuibweza ndege yokha, ndipo ku America ndege za mtundu wa DC-9 zinkaterodi, koma mphepo yake yaukali imaulutsa timiyala ndi zinyalala, zimene injinizo zimameza n'kuonongeka.

Mutu umodzi susenza denga: woyendetsa, pakuti saona za kumbuyo kwake, amayamba wapempha chilolezo kwa a kunsanja, kenaka nalankhula ndi munthu woima pansi, amene waya wa mahedifoni ake walumikizidwa pafupi ndi mphuno ya ndege. Zotchingira matayala zimachotsedwa, nyali yofiira imaphethira, mabuleki amamasulidwa, ndipo ena amayenda pafupi ndi nsonga za mapiko kuyang'anira kuti zisagunde kanthu.

Koma chimene chimanditenga mtima ine ndi kachitsulo kakang'ono ngati chala, komangiriridwa kansalu kofiira, kamene amakalowetsa pamwendo wakutsogolo kuti mphamvu yokhotetsa gudumu isalimbane ndi mtengo wachitsulo wokankhira. Ndege ikafika pomwe iyambire kuyenda yokha, munthu uja amachotsa mtengowo, nazula kachitsuloko, napita kukaima patali pamene woyendetsa angamuone bwino, nakakweza m'mwamba. Ndipo kufikira woyendetsayo atakaona ndi maso ake, ndege yonseyo, pamodzi ndi khamu lili m'katimo, imangoima chiimire.