Firiji yotumiza uthenga pafoni

Kunjaku kuli anthu amene Loweruka lawo lonse limathera pa ntchito imodzi: kuphunzitsa firiji kulankhula.

Si firiji yaikulu ya m'khitchini ayi, koma kafiriji konyamulika, koyendera batire ya galimoto ya mavolti 12. Ku Australia, ku Ulaya ndi ku South Africa, okonda kukacheza kutchire amakapakira m'galimoto pamodzi ndi matenti.

Timafiriji tambiri ta masiku ano, monga ta kampani ya Dometic ya ku Sweden, timatumiza kale uthenga pafoni kudzera pa Bluetooth. Vuto n'lakuti Bluetooth siipita patali. Mwini wake akangotalikira pang'ono, foni ija ili zii.

Apa mpomwe okonda kusewera ndi mawaya alowererapo. Iwo amagula kachipangizo kotchedwa ESP32, kochepa ngati bokosi la machesi, komwe kampani ya Espressif ya ku Shanghai idatulutsa mu 2016. Kachipangizoka kamamvetsera firiji n'kukatula zonse ku Home Assistant, pulogalamu yaulere yoyendetsa zamagetsi za m'nyumba yomwe Paulus Schoutsen wa ku Netherlands adayambitsa mu 2013.

Ntchito yake njofuna mtima wautali. Makampani ambiri saulula momwe firiji zawo zimalankhulira ndi foni, choncho anthuwa amachezera usiku kumasulira manambala mmodzimmodzi. Ena satopa nazo zimenezo: amangoika koyezera kuzizira m'kati mwa firiji, basi.

Zikatheka, munthu ali kumsika amaona pafoni kuti m'firiji mwazizira bwanji ndiponso batire yatsala motani. Mukayamba kufunda, foni imalira.

Ena angati n'zoseweretsa za anthu a ndalama, ndipo pena sakunama. Koma mankhwala a insulin a odwala shuga amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo akawonongeka ndi kutentha kawirikawiri saonetsa. Nawonso ogulitsa nyama ndi chambo sadaiwale za mu Januwale 2022, pomwe namondwe Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kwa amene adathawira ku sola ndi mabatire, kudziwa msanga kuti batire ikufa kungapulumutse mpamba wonse.

Msampha ulipo umodzi. Ngati rauta ya intaneti ili pa magetsi omwe azimawo, uthenga suchoka m'nyumba. Nayo imafuna batire yakeyake.